Mzere Womaliza wa a Zikavuta

Ine za makompyuta sindizidziwa, ndipo n'chifukwa chake amuna anga ankandidalira. Musaseke. Ndine telala, ndakalambira pa makina osokera, mundipatse nsalu ndi tepi muone ntchito. Koma kwa zaka zambiri za ukwati wathu, dzuwa likamapendeka ndinkamva geti kulira, kenako iwo n'kulowa m'chipinda changa chosokera, pepala lili m'manja.

"Mayi, tandiwerengerani kaye aka."

"Simukuona kuti ndagwira diresi la eni ake?"

"Katsamba kamodzi kokha. Werengani mokweza, pomwe simukumva muime."

Ndinkaima pamzere woyamba womwe, iwo n'kusangalala ngati ndawapatsa mphatso.

Ankagwira ntchito m'chigawo cha makompyuta pakampani ina yogawa mankhwala m'zipatala. Anzawo ankakonza makina, kulumikiza nthambo, kuthamanga uku ndi uku. Iwonso zimenezo ankachita, koma ntchito imene inali pamtima pawo inali fayilo yofiira, ya malangizo a tsiku la tsoka. Moto ukabuka, madzi akalowa, mphenzi ikaomba, kapena seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za kampani ija, ikangofa yokha, munthu atsegule fayiloyo n'kudzutsa zonse kuchokera pa makope osungidwa. Makompyuta akagona malole sanyamuka, chifukwa palibe wodziwa kuti katoni iti ikupita kuti. Ndiye kwinakwake namwino amatsegula kabati n'kupeza mulibe mankhwala.

"Tsamba ili ndikulembera munthu wanzeru amene manja ake ali njenjenje, abwana ataima kumbuyo akumupumira m'khosi," ankatero. "Munthu wotere mutu wake umafanana ndi wanu, mayi."

"Mwanditukwana kapena mwandiyamikira?"

"Ndakuyamikirani."

Tsiku lina ndinawerenga kuti, "Yatsani seva yaikulu." Ndinaika pepala pansi. "Yaikulu ndi iti? Yaitali kapena yonenepa?"

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. M'chipinda chawo chozizira chija munali maseva awiri, ina yaitali yowonda, inayo yaifupi yotambalala, ndipo onse a pantchitopo ankadziwa kuti yaikulu ndi yaifupiyo poti ndiyo inkasenza ntchito yambiri. Nanga mlendo akanadziwa bwanji? M'mawa mwake anakamata manambala akuluakulu pa makina onse, madzulo n'kundibweretsera mpukutu wa ulusi wothokozera. Kuyambira pamenepo ndinayamba kudzimva. Mawu ambiri a m'fayilo imeneyo anadutsa pakamwa panga asanalowe m'menemo.

Chimene chinkawadya mtima chinali tsamba lakale. Zinthu za makina sizikhalitsa. Lero wina wasuntha nthambo, mawa wina wasintha kosungira makope, ndipo aliyense amati alemba mawa. Amuna anga mawa ameneyo sankamukhulupirira. Ankayenda ndi pensulo kukhutu, akaona mnzawo akutuluka m'chipinda chozizira akupukuta manja, ankamuimitsa pakhomo pomwepo. "Mwasintha chiyani, achimwene?" Anthu ankawazemba m'makonde, ena kubisala kuchimbudzi, koma iwo ankadikira panja modekha. Tsamba lililonse linali ndi deti kumunsi, ndipo latsopano likalowa, lakale linkatuluka tsiku lomwelo.

"Tsamba lopanda kanthu limakuuza kuti sukudziwa, ndiye umafunsa," ankatero. "Lakale limakunamiza maso ali gwa."

Masamba akale opanda zachinsinsi ankabwera nawo kunyumba, ine n'kumadulirapo mapatani. Mpaka lero ndili ndi patani ya kolala yolembedwa kuti "dikirani nyale yobiriwira isiye kuphethira." Makasitomala ena amawerenga n'kundiyang'ana modabwa, ine sindifotokoza.

Fayiloyo sinkakhala m'chipinda chozizira, poti moto ukabuka ubukira momwemo. Inkakhala pashelefu ya pakhonde, pafupi ndi pomwe amamwera tiyi, pamalo poti ngakhale wamfupi afikire osakwera mpando. Inzake inali kunyumba ina ya kampani, kutsidya kwa tauni. Chaka china panamveka zoti mapepala athe, zonse zizikhala pa seva. Amuna anga anafunsa abwana mwaulemu ngati kiyi wa galimoto amamusunga m'galimoto yokhoma. Abwanawo anaseka mpaka kutsokomola, mapepala n'kukhala.

Ndiye panali mzere womaliza. Tsamba lililonse, pamwamba pa deti, linkatha ndi mawu amodzimodzi: "Zikavuta, imbirani nambala iyi," kenako nambala ya foni yawo. Dzina lawo la kuntchito linachokera pamenepo. Kuyambira abwana mpaka alonda a pageti ankawatcha a Zikavuta, mpaka mwana wathu wamkazi ali wamng'ono ankayankha foni kuti, "A Zikavuta ali kubafa." Ine ndikamawerenga ndinkautchula mzerewo mokoka mawu, ngati ameni wa pemphero lalitali, tonse n'kuseka. Ndipo anthu ankaimbadi. Tili pakati pa chakudya, tili paukwati wa mchemwali wanga, foni inkalira, iwo n'kutseka maso, n'kuyamba kulongosola ngati makinawo ali patsogolo pawo. Ndinkapsa nazo mtima, eya, koma ndinkanyadiranso.

Anayambitsanso chinthu china chomwe ankachitcha mpando wa chete. Nthawi ndi nthawi, Loweruka m'mawa, ankazimitsa makina dala kuti ayese fayiloyo. Munthu wodziwa kwambiri gawo loyesedwalo ankakhazikidwa pampando wapulasitiki pakona, ndipo ankatengedwa ngati kulibe: ali paulendo, wagonekedwa kuchipatala, foni yake yagwera m'madzi. Ankaona anzake akutuluka thukuta koma osaloledwa kunena kanthu. Kuti pakamwa pakhale ndi chochita, ankamupatsa maswiti. Pomwe anzakewo akakamira, ndiye kuti tsamba lili ndi bowo pamenepo, amuna anga n'kulemba ndi pensulo yawo. Onse anaukhalapo mpandowo kupatula amuna anga. Iwo ndiwo ankayendetsa zonse, akanakhala bwanji?

Zinayamba pang'onopang'ono, moti ndinkaziseka. Anandibweretsera tsamba, ine n'kuwerenga mizere ingapo n'kuti, "Bambo, ili tinawerenga dzulo." Iwo n'kuti, "Eti?" n'kuseka nawo. Sabata yotsatira linabweranso lomwelo. Tsiku lina anaima pageti makiyi ali m'manja, akungowatembenuza, osadziwa kuti wa loko ndi uti, geti lomwe analikhoma okha zaka zonsezi. Ndinawaona pawindo, makina anga n'kuima okha.

Koma chimene chinawaopsa iwo sichinali geti. Madzulo ena anafika nkhope itagwa, osanyamula pepala, n'kukhala pa kampando ka makasitomala.

"Mayi, ndabwezera tsamba lakale m'fayilo."

"Ndiye mwalichotsa?"

"Walipeza ndi Liwiro. Latsopano ndinaliika m'chikwama, lakale n'kulibwezeramo. Lakhalamo masiku angapo." Anagwira mutu ndi manja awiri. "Moto ukanabuka sabata ino, ndikanawanamiza ndine."

Liwiro anali mayi wina wogwira nawo ntchito kwa nthawi yaitali, wa ana ake akuluakulu. Anamutcha choncho chifukwa ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Sanauze munthu za tsambalo, anangowabweretsera mwakachetechete.

Tinapita kwa dokotala. Anawafunsa mafunso, kuwajambulitsa wotchi, kuwatumiza kokaunika mutu. Titabwereranso anatiuza mosabisa kuti ndi matenda oiwala, aja omwe sabwerera m'mbuyo, ndipo mankhwala amangochedwetsa. Ine ndinafuna kumulalatira dokotalayo, ngakhale analibe mlandu. Mwamuna wanga, woti amasunga makina a kampani yonse m'mutu, aziiwala? Pobwera tinakwera basi. Ali m'menemo anandigwira chala chaching'ono, chinthu chomwe anasiya kuchita mwana asanabadwe.

Patapita masiku anabweranso ndi pepala, mwina pofuna kuti zinthu zioneke ngati kale. Ndinaliwerenga bwinobwino mpaka kumunsi. Ndinakoka mpweya kuti nditchule ameni wathu uja, koma ndinaimira pomwepo. Ndinangoyang'ana nambala yawo papepalapo.

"Werengani," anatero.

"Zikavuta, imbirani nambala iyi."

Kenako anatenga pepalalo n'kuliyang'anitsitsa ngati akuliona koyamba.

"Aliyense ndinamukhazika pampando uja," anatero motsitsa mawu. "Aliyense ndinamuchotsa m'fayilo kuti isadalire munthu. Koma fayilo yonse ndinaitsamiritsa pa ine. Adzaimba, mayi. Tsiku lenilenilo adzaimba, ine ndidzayankha, ndipo sindidzadziwa chonena. Kapena ndidzanena zolakwika molimba mtima, iwo n'kundimvera."

Ndinalira pamenepo, sindibisa. Iwo sanalire. Anachotsa pensulo kukhutu n'kunena kuti ntchito ilipo.

M'mawa mwake anakauza abwana okha, osatuma munthu. Anapempha kuti awalole kukhala mpaka atafufuta mzere womaliza patsamba lililonse, ndipo kuyambira tsikulo fayilo aziigwira ndi Liwiro, iwo asaikhudzenso. Kufufuta mzere n'kosavuta. Chovuta chinali choti zonse zimene ankayankha pafoni zaka zonsezi zinali zisanalembedwe paliponse. Zinali m'mutu womwe unayamba kudontha, ndipo zinayenera kutuluka zisanatayike.

Anayesa kukhala patebulo n'kulemba. Zinakanika. Ankayang'ana pepala, pensulo ili m'manja, mpaka tiyi kuzizira. Tsiku lina ndili kumsika ndinawaimbira kuti ndifunse za loko wa bokosi la magetsi, ndipo ndinadabwa kumva mawu awo akale, odekha aja, akundilongosolera bwinobwino. Ndinathamanga kubwerera kunyumba, matumba akundimenya m'miyendo.

"Bambo, inu mutu wanu umatseguka ndi foni! Muuzeni Liwiro abwere."

Ndiye Lamlungu lililonse masana Liwiro ankabwera ndi laputopu ndi fayilo. Iye ndi amuna anga ankakhala pabalaza, ine m'chipinda chosokera chitseko chotseka, tsamba lili m'manja, Liwiro atandilembera kumbuyo kwake mavuto omwe angagwe. Ndinkaimba foni ngati ndili kutali.

"Halo, a Zikavuta? Kuno zavuta."

"Pepani, pepani. Pumani kaye. Mukuona chiyani?"

"Ndachita zonse za patsamba koma nyale ikuphethira yachikasu."

"Musazimitse. Pitani kumbuyo kwa makina, pali nthambo yabuluu..."

Ndinkawamva kawiri, m'foni ndi kuseri kwa khoma, komanso zala za Liwiro zikugogoda mabatani ngati mvula pamalata. Ndinkachita sewero lenileni, abale. Ndinkanjenjemeretsa mawu, kunamizira kuti abwana andiimirira kumbuyo, nthawi zina kufunsa zopusa dala. Safunsa anadya phula. Liwiro ankaseka mpaka kugwetsa cholembera. "Alamu, mukanakhala kwathu kuntchito bwenzi tonse titathawa!" Akamaliza kulemba ankandibweretsera tsamba latsopano kuti ndiliwerenge mokweza, ndipo likadutsa pakamwa panga osakodwa, ankadula mzere womaliza. M'malo mwa nambala imodzi ankalemba maudindo a anthu angapo, woyamba akapanda kuyankha aimbire wachiwiri.

Si Lamlungu lililonse linali labwino. Masiku ena ndinkaimba, iwo n'kuyankha, kenako chete wautali. Ndinkamva mpweya wawo wokha. "Ndikudziwa," ankatero, "chili pompano, dikirani." Ndinkadikira foni ili kukhutu, ndikuluma mlomo kuti asamve kuti ndikulira. Masiku otero Liwiro ankatseka laputopu n'kunena kuti iye watopa, tipitirize sabata yamawa, ngakhale tonse tinkadziwa kuti wotopa si iye. Mkati mwa sabata ankakayesa yekha pamakina, kufufuza, kufunsa anzake, Lamlungu n'kubwera ndi theka la yankho. Nthawi zambiri amuna anga akamva thekalo, linalo linkatulukira lokha.

Tsamba limene linativutitsa kwambiri linali la kompyuta yakale yosindikiza timapepala tomata pamakatoni. Inali nkhalamba yamakani, ikazima sinkadzuka mwa njira ya anzake, ndipo amuna anga okha ndiwo ankaidziwa mtima wake. Ndinaimba Lamlungu lina, palibe. Lina, palibe. Ndinayamba kuopa kuti madzi atayika kale. Kenako tsiku lina kukugwa mvula, ndisanamalize n'komwe kudandaula kwanga, anandidula mawu.

"Aa, imeneyo musalimbane nayo. Imafuna kupeza seva itadzuka kale, apo ayi imanyanyala. Izimitseni, muzule nthambo ya pulinta, mudikire seva imalize, kenako muiyatse yokha. Ikafunsa funso muyankhe kuti ayi. Pulinta mulumikize pomaliza."

Liwiro analemba osapuma. Atamaliza anatuluka panja mvula ikugwa, akuti akukaona ngati anatseka mawindo a galimoto. Anabwera maso ali psuu.

Tsiku loyesa fayilo yonse litakwana, Liwiro anandiimbira. "Alamu, mubwere nawo. Fayiloyi ndi yanunso." Ndinavala diresi langa labwino, iwo ndinawasitira malaya oyera. Aka kanali koyamba kuti ndilowe m'chipinda chozizira chija. Ndinaona yaitali yowonda ndi yaifupi yotambalala, manambala anga ali pamphumi pawo, ndipo ndinawapatsa moni mumtima ngati abale omwe ndinkangowamva mbiri.

Mpando wapulasitiki unali pakona. Amuna anga anauyang'ana kanthawi, kenako anachotsa pensulo kukhutu n'kuipereka kwa Liwiro, n'kukhala. Wina anandibweretsera mpando wanga pambali pawo. Abwana anabwera okha ndi paketi ya maswiti.

"A Zikavuta, lero kulibe. Muli kuti?"

"Ndili kunyanja ya mchere, bwana, foni yagwera m'madzi."

Onse anaseka, makina n'kuzimitsidwa. Phokoso la makina litatha, m'chipinda munakhala bata loopsa. Wina anathamangira pakhonde kukatenga fayilo yofiira, ntchito n'kuyamba. Mmodzi ankawerenga mokweza, wina akuchita, Liwiro ataima pambali ndi pensulo. Ndinkadziwa mawu ambiri asanawatchule, milomo yanga ikuyenda yokha. Nyale zinayamba kuyaka, imodzi imodzi. Penapake anakodwa pang'ono, Liwiro n'kulemba, n'kupitirira.

Kenako anafika pa nkhalamba yamakani ija. Anaiyatsa mofulumira, asanatembenuze tsamba, ndipo inanyanyala monga mwa khalidwe lake. Anayesanso, osatheka. Pamenepo, mosaganiza n'komwe, mitu yonse inatembenukira kukona. Ngakhale abwana. Chizolowezi n'chovuta.

Amuna anga anakhala chete, switi ili m'kamwa, nkhope ili phee. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Koma madalawa ngolimba mtima, akudziwa koma sanena." Ine ndinali nditawagwira dzanja, ndipo dzanjalo linkandiuza zina. Linali lozizira, likundifinya zala. Ndinawayang'ana m'maso ndipo ndinaona kuti akufufuza, akutsegula zitseko m'mutu mwawo n'kupeza zipinda zopanda kanthu. Yankho lija la tsiku la mvula linali litapita. Mtima wanga unasweka pamenepo, koma ndinakhala mowongoka n'kumwetulira ngati mkazi wa munthu amene akusunga lamulo la mpando.

"Mukuyang'ana chiyani uko?" anakalipa Liwiro. "Kulibe munthu uko! Tembenuzani tsamba!"

Wowerenga uja anatembenuza, n'kuyamba: "Kompyuta iyi musalimbane nayo. Imafuna kupeza seva itadzuka kale, apo ayi imanyanyala." Liwiro anali atasiya mawuwo momwe anatulukira pakamwa pa amuna anga. Anazimitsa, anazula nthambo, anadikira. Itafunsa funso anayankha kuti ayi. Atalumikiza pulinta, inakhosomola kamodzi n'kulavula kapepala komata, dzina la chipatala lili pamenepo. Chipinda chonse chinaphulika ndi m'manja.

Dzanja lija linamasuka pang'onopang'ono. Anaweramira kukhutu kwanga, fungo la switi lili m'kamwa.

"Tsamba limenelo lalembedwa bwino," ananong'ona. "Analemba ndani?"

"Inu, bambo."

"Ine?"

"Inu ndi ine."

Anagwedeza mutu mokhutira, n'kuyang'ana anzawo akukumbatirana. Foni yawo inali m'thumba la malaya, ndipo sinalire tsiku lonselo.

Tsopano ali pakhomo. Masiku ena amakhala bwino, timacheza, amanditsutsa za mitundu ya ulusi. Masiku ena amaima pakati pa khitchini osadziwa chomwe abwerera. Ndiye ine, telala, ndinagula pensulo yanga. Ndinayamba kulemba masamba n'kumamata pomwe akufunikira, osati m'kabati ayi, koma pamalo poti maso agwerepo. La tiyi lili pakhoma pamwamba pa ketulo. La mankhwala lili pagalasi la kubafa. La geti lili pachitseko, ndipo kiyi wake ndinamumanga kansalu kofiira. Chochita chimodzi, mzere umodzi, deti kumunsi. Mwana wathu atatigulira ketulo yatsopano ya batani la pambali, tsamba lakale ndinaling'amba tsiku lomwelo, ketulo isanatuluke n'komwe m'katoni. Ndinaphunzitsidwa ndi katswiri.

Ndipo woyesa masamba anga ndi iwo. Ndikalemba ndimawapatsa kuti awerenge mokweza, pomwe sakumva aime. Pa zimenezi mutu wawo ukadali wakuthwa zodabwitsa.

"Tengani kapu yaikulu," anawerenga tsiku lina, n'kuika pepala pansi. "Yaikulu ndi iti, mayi? Yaitali kapena yonenepa?"

Ndinaseka mpaka misozi, iwo osadziwa chomwe ndikuseka. Ndinakonza, n'kulemba kuti kapu yabuluu. Anapitiriza kuwerenga mpaka kumunsi, pomwe ndinalemba kuti, "Zikavuta, itanani akazi anu, ali pa makina osokera." Apo anakwinya nkhope, dzanja n'kupita kukhutu kufuna pensulo yomwe kunalibe.

"Mzere uwu ngolakwika."

"Walakwika pati?"

"Tsamba lisatsamire pa munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Nanga akazi angawo akachokapo?"

"Sachokapo."

"Aliyense amatero," anatero mofatsa, ngati akulangiza mnzawo wa kuntchito. "Akhoza kudwala. Akhoza kukhala paulendo. Fufutani."

Ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo zinandiwawa chifukwa cha chomwecho. Ndinatenga pensulo n'kuwonjezera pansi pake nambala ya mwana wathu, ndi dzina la aneba a kuseri kwa mpanda omwe anavomera kale. Ndinachita chimodzimodzi pamasamba onse a m'nyumba, ndipo mwana wathu ali ndi makope ake kwawo. Anayang'ana, n'kuvomereza ndi mutu, koma chala chawo chinali chikadali pamzere wanga.

"Nanga uwu?"

"Umenewo usiyeni."

"Mwa lamulo..."

"Bambo, fayilo yanu munalamulira ndinu. Iyi ndi yanga."

Anaseka kuseka kwawo kwakale kuja, n'kundibwezera pepala. Ndinakalimata pamwamba pa ketulo.

Masiku ano ndimasoka chitseko chili chotsegula, ndipo wailesi ndinasiya kuyatsa. Makasitomala amadandaula kuti ndikuchedwetsa zovala, ine ndimangoti pepani. Dzulo masana ndili pakati pa msoko wa siketi ndinamva ketulo ikuwira, kenako kabati kutseguka ndi kutsekeka, kutseguka ndi kutsekeka. Ndinamva akuwerenga motsitsa mawu, mzere ndi mzere, mpaka kumunsi.

"Mayi?" anaitana. "Kuno zavuta."

Ndinachotsa phazi pa makina.

"Pumani kaye, bambo. Ndikubwera. Mukuona chiyani?"